Amene amadziwa pini ndi mwana

"Mumulande basi, nkhani ithere pomwepo."

Anatero bambo wina wa kabaza, atakhala panjinga yake yamoto mwendo umodzi uli pansi, chapafupi ndi siteji ya Likuni pomwe maminibasi ochokera m'tauni kudzera ku Chinsapo amatsitsira anthu. Ankauza mayi wogulitsa tomato ndi anyezi, amene anali atangomaliza kudandaula kuti mnyamata wake wa Fomu 3 wagona atambala akulira, foni ili kumaso, moti m'mawa anachita kumuwaza madzi kuti adzuke. Magetsi anali atathima chim'mawire, choncho pakhonde la kashopu kotchajitsa mafoni ndi sola panadzaza anthu. Munthu akamadikira kuti foni yake ilowe moto, m'manja mumakhala mulibe kanthu, ndiye pakamwa pamatseguka. Ine ndinali kumapeto kwa benchi, makutu ali tcheru.

"Ndimulande, achimwene? Nanga za ku Joni aziona ndani?" anayankha mayiwo. "Bambo ake akatumiza ndalama pa Mukuru, uthenga umafikira pafoni yomweyo. Akaimba pa WhatsApp, wodina ndi iyeyo. Pini ya Airtel Money akuidziwa ndi iyeyo. Gulupu ya makolo kusukulu, gulupu ya banki m'khonde, ya kumphakati, zonse amandiwerengera ndi iyeyo. Ine maso awa tizilembo tating'ono sindiona. Ndikamulanda, ndadzilanda ndekha."

Wa kabaza uja anangokanda kumutu.

Nkhani ya ana ndi intaneti ikamakambidwa pawailesi imamveka ngati ya ku Area 10 kapena ku Area 43, kumene mwana ali ndi foni yakeyake, chipinda chakechake ndi Wi-Fi yosathima. Kuno zimayenda mwina. M'makomo ambiri a ku Likuni, Chinsapo ndi Chigwirizano foni ya tachi ndi imodzi, Itel kapena Tecno, kaya yogula kwa munthu kaya yotumizidwa ndi wachibale. Simu khadi yake inalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika cha mayi kapena bambo, poti kuyambira 2018 nambala iliyonse iyenera kukhala ndi mwini wake wodziwika, ndipo chiphasocho munthu amalandira akakwana zaka 16. Pamapepala foni ndi ya kholo. Koma wodziwa zam'kati mwake ndi mwana. Iye ndiye mlembi wa pakhomo, msungichuma, ndi womasulira mauthenga achingerezi. Malangizo onse oti kholo lizilamulira foni ya mwana amayambira pa ganizo loti kholo ndilo likudziwa zambiri, ndipo pano ganizo limenelo silikugwira.

Mnyamata wotchajitsa mafoni, amene amamata kapepala ka nambala kumsana kwa foni iliyonse kuti zisasokonekere, analowerera osafunsidwa.

"Amayi, ine ana a dera lino ndimawadziwira ku batire. Foni ya munthu wamkulu imabwera lero, ibwerenso mkuja. Foni imene yalowa m'manja mwa mwana imabwera m'mawa, ibwerenso madzulo ikutentha. Ena sadikira n'komwe kuti idzaze. Ikangofika 20 peresenti, 'bigi, ndipatseni.' Ena amaima pomwe mwaimapo apo, chingwe chili kukhoma, iye chala chikuyenda. Ndikawathamangitsa amati ndine wankhanza."

"Nanga mabandulowo amawatenga kuti, poti sali pantchito?" anafunsa agogo ena amene anabweretsa kafoni ka mabatani atakamanga pansonga ya chitenje.

"Chenji, agogo," anatero mayi wa tomato. "Ukamutuma sopo, chenji sichibwera. Ukamupatsa ya mandasi kusukulu, amakhala ndi njala tsiku lonse kuti madzulo agule bandulo. Tsiku lina ndinaika mayunitsi kuti ndiimbire wondipikulitsa tomato, onse anangolowa m'dzenje. Kufunsa, akuti nambala ili ndi ngongole. Ine ngongole ndinaitenga liti?"

Anthu anaseka, koma kuseka kwa anthu odziwa. Ngongole ya mayunitsi, imene a Airtel amaitcha Kutapa ndipo a TNM amaitcha Pasavute, siifunsa zaka za wodina.

Wina angaganize kuti umphawi ukanatiteteza. Intaneti m'dziko muno yakhala yodula kwa nthawi yaitali, moti mu 2020 anthu anafuula mpaka nduna ya zofalitsa nkhani ya nthawi imeneyo, a Gospel Kazako, analowererapo, makampani n'kutsitsa mitengo. Ngakhale pano mwana wa ku Likuni sangakhale pa intaneti tsiku lonse. Koma taonani zimene ndalama yake yochepa ingathe kugula. Bandulo yotsika mtengo ndi ya WhatsApp kapena Facebook yokha, yosatsegula tsamba la Biology. Ina yotsika mtengo ndi yausiku, nthawi imene mwana wa sukulu amayenera kukhala ali m'tulo. Ina ndi ya tsiku limodzi, yomwe imapsa maola 24 akakwana, kaya waigwiritsa ntchito kaya ayi, ndiye mwana amakakamira pafoni kuti ndalama yake isapite pachabe. Kusowa kwa ndalama sikunachotse chibaba, kwangochikankhira ku maola oipa ndi ku masamba opanda pake. Madokotala amati wachinyamata azigona maola 8 mpaka 10. Mwana amene wagona 3 koloko n'kudzuka 5 koloko kukatunga madzi amafika m'kalasi thupi lokha.

Za m'kalasizo anazitola ndi aphunzitsi ena opuma pantchito, bambo a imvi za mbuu, atavala jekete ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Awa ndi a m'badwo umene unkadikira nyuzipepala ya Odini kuchokera ku Likuni Press pomwepa, n'kuiwerenga mpaka tsamba lomaliza.

"Tisamanamizane. Mafoniwa tinawapereka tokha," anatero. "Mwaiwala za Covid? Sukulu zinatsekedwa pa 23 Marichi 2020. Olemba mayeso anabwerera mu Seputembala, enawo mu Okutobala. Miyezi yonseyo tinkati chiyani? Tinkati ana aziphunzira pa intaneti. Ineyo ndi pakamwa pangapa ndinauza makolo kuti yesetsani mupeze foni, manotsi tizitumiza pa WhatsApp. Makolo anagulitsa nkhuku, ena mbuzi. Manotsi ankabwera tsamba limodzi m'mawa, tsiku lonse lotsala mwana ali ndi foni, alibe sukulu, alibe tchalitchi, alibe mpira. Sukulu zinatsegulidwa, koma foni sinabwerere kumene inachokera."

"Ndiye ndi matenda, aphunzitsi, kapena ndi mwano chabe?" anafunsa mayi uja. Funsoli linali lochokera pansi pa mtima, chifukwa yankho lake ndi limene limauza kholo ngati litenge chikoti kapena lipite ndi mwana kuchipatala.

Aphunzitsi anayankha mozungulira, monga mwa aphunzitsi, koma mfundo yake inali yoona. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika chibaba cha magemu a pafoni ndi pakompyuta m'ndandanda wake wa matenda, umene unavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2022. Sanawerenge maola. Anayang'ana zinthu zina: munthu akulephera kudziletsa, masewerowo aposa china chilichonse pa moyo wake, ndipo akupitiriza ngakhale akuona yekha kuti zinthu zikumuonongekera, kwa nthawi yofika chaka. Kale mu 1998 katswiri wa zamaganizo wa ku America, Kimberly Young, anali atakonza mafunso 20 oyezera chizolowezi cha intaneti, ndipo ambiri mwa mafunsowo ndi omwe mayi aliyense wa ku Likuni angayankhe osatsegula buku: kodi amakwiya ukamudula? Amabisa nthawi imene wakhalapo? Amataya tulo? Magiredi atsika? Mwana amene amacheza pa WhatsApp madzulo koma akudya, akugona, akukhoza mayeso, ameneyo sakudwala. Amene amaba ndalama ya ndiwo, kunama, kulira, kulonjeza, mawa n'kubwereza, ameneyo chikoti sichimuchiza. Ofufuza m'maiko ambiri amapezanso kuti chibabachi chimakonda kuyenda ndi kusungulumwa, nkhawa ndi mikangano ya pakhomo, ndipo nthawi zambiri n'kovuta kudziwa chimene chinayamba.

"Komanso musamaone ngati ana athu ndi ofooka mitu," anapitiriza aphunzitsi. "Zinthuzi anazipanga dala. Nsima m'mbale imatha, ukaona pansi pa mbale umasamba m'manja n'kudzuka. TikTok ilibe pansi pa mbale."

Apa ananena zoona kuposa mmene iwo ankadziwira. Njira yoti chala chizingokankha zithunzi zikubwerabe osafika kumapeto inakonzedwa mu 2006 ndi Aza Raskin, amene pambuyo pake anadandaula poyera ndi mmene yagwiritsidwira ntchito. Pulogalamu ngati TikTok imaona kanema amene wachedwapo, n'kukubweretsera wina wofanana naye. Siikupatsa zokoma nthawi zonse. Atatu osakoma, wachinayi wokugwetsa ndi phwete, ndiye chala chimafunafuna wachinayi wina. Mu 2021 Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, anatulutsa zikalata zosonyeza kuti kampaniyo inkadziwa kuchokera ku kafukufuku wake womwe kuti Instagram imawonjezera kusadzikonda kwa atsikana ena. Mbali inayo kuli akatswiri olipidwa kuti diso lisachoke pasikirini, mbali ino kuli mwana wa zaka 15 ndi mayi wake wosaona tizilembo. Si mpikisano wachilungamo.

Kuseri kwa kashopuko, pamthunzi wa mpanda wa njerwa, anyamata atatu anaunjikana pafoni imodzi, maso dwii. Mwadzidzidzi mmodzi anakuwa.

"Tsika, aise! Tsika! Aaa, kapita!"

Aka ndi kandege, masewero a juga otchedwa Aviator amene ali pamasamba a makampani obetcha. Umaika ndalama, kandege kayamba kukwera, nambala yochulukitsira ndalama yako ikukweranso. Ukadina kasanathawe, wadya. Kakathawa usanadine, wadyedwa. Ulendo umodzi umatha m'masekondi ochepa, wina n'kuyamba pomwepo. Kubetcha mpira kumafuna udikire mphindi 90, mtima uzizireko. Kandege sikapereka mpata umenewo. Lamulo likuti wosakwana zaka 18 asayandikire juga, ndipo bungwe la MAGLA, limene linabwera ndi lamulo la 2022, ndilo limayang'anira zimenezi. Koma nambala yolembetsa ndi ya mayi wa zaka 40, ndalama ikuchoka ku akaunti ya mayi yemweyo, ndipo kompyuta ya kampani ikuona munthu wamkulu akusewera.

"Vuto la ana amafuna kakwere mpaka 10," anatero wa kabaza uja mosaganiza. "Umayenera uzitsika pa 1.5, osachita dyera."

Anthu onse anamucheukira. Iye anayamba kupukuta galasi la njinga.

Chimene sindinachiyembekezere chinachokera kwa mtsikana wa pakabenchi ka Mpamba ndi Airtel Money, amene nthawi yonseyi ankawerenga ndalama ngati sakumva.

"Inu mukungokamba za anyamata chifukwa iwo amakuwa," anatero. "Atsikana sakuwa. Amabwera pano kudzafunsa ngati yalowa. Ukaona dzina la wotumiza, si bambo ake, si malume ake. Ndi munthu amene anamupeza pa Facebook, wayamba ndi kumugulira bandulo. Bandulo ya bambo wachilendo siikhala yaulere, amayi. Mawa afuna chithunzi. Mkuja akuti ukakana ndichiponya pagulupu. Mwana amangouma yekha m'nyumba, foni sakuisiya ngakhale pakudya, inu n'kumati wakonda foni. Pamene iye akulondera kuti aone ngati chaponyedwa."

Panakhala kachete. Facebook ndi TikTok amati munthu akhale wa zaka 13 kuti atsegule akaunti, koma chaka chobadwira amalemba ndi mwini wake. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kuopseza kapena kuzunza munthu pa intaneti, ndiponso zithunzi zolaula za ana, ndipo pali nambala yaulere ya 116 imene mwana angaimbe. Vuto ndi lakuti mwana woopsezedwa amaopa mayi ake kuposa woopsezayo. Amadziwa kuti akangoulula, choyamba ndi mbama, chachiwiri foni yapita.

Mtsikana yemweyo anakodola mayi wa tomato. "Mayi, foni ikadzaza mubwere nayo kuno. Ndikuonetsani posinthira pini ndi poonera ndalama zotsala. Si Chingerezi chambiri, ndi manambala omwe mumawerenga pa tomatowa. Ndipo mukapeza kangachepe mugule kafoni ka mabatani, simu ya ndalama ikhale mmenemo, m'thumba mwanu. Ya tachiyo usiku izigona kuchipinda kwanu." Mwa malangizo onse amene ndinamva tsikulo, awa okha ndi amene munthu akanatha kuyamba nawo dzuwa lisanalowe.

Wina anatchula za kunja, monga zimakhalira pa macheza otere. Ku Australia anakhazikitsa lamulo mu Novembala 2024 loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti pamasamba a mchezo. Ku China, kuyambira 2021, ana amaloledwa magemu a pa intaneti ola limodzi lokha Lachisanu, Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi, kuyambira 8 mpaka 9 koloko usiku. "Boma lathu likudikira chiyani?" anafunsa munthuyo. Ine ndimakayika. Malamulo amenewo amagwira pomwe makina angathe kusiyanitsa mwana ndi kholo. Kuno foni imodzi imadutsa m'manja asanu tsiku limodzi. Ndiponso tisaiwale kuti vuto lalikulu la Malawi likadali kusowa kwa intaneti. Kafukufuku wa MACRA ndi ofesi ya kalembera wa 2019 anapeza kuti ogwiritsa ntchito intaneti anali pafupifupi 15 mwa anthu 100 alionse. Foni yomwe ikumulanda mwana tulo ndi yomwenso ili ndi mapepala akale a MANEB, ndi yomwe amaonera nkhope ya bambo ake ali ku Johannesburg. Oti intaneti ndi ya Satana amayankhula ngati mwana wawo adzapeza ntchito polemba kalata ndi bolopeni.

Chimene sichinatchulidwe mokwanira pabenchipo ndi maola. Mwana wa sukulu yogonera komweko, monga awo amene timawaona ndi mayunifolomu a Likuni Boys ndi Likuni Girls, tsiku lake lili ndi belu kuyambira m'mawa mpaka usiku. Wa sukulu yoyendera akaweruka masana, palibe amene akumudikira. Mayi ali kumsika mpaka mdima, bambo ali kutauni kapena kunja kwa dziko. Mabwalo ambiri amene tinkamenyerapo mpira wachikulunga anadulidwa maploti, pano pali mipanda. Kumudzi mwana amakhala ndi ng'ombe, dimba, agogo ndi anamkungwi. Kutauni kwa olemera kuli makalasi owonjezera ndi masewero olipira. M'makomboni muli dzuwa, fumbi ndi nthawi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi osakwana zaka 18. Ambiri mwa iwo m'matauni masana alibe kolowera. Kwa amene zafika poipa, a Saint John of God ali ndi chithandizo cha zamaganizo ndi zizolowezi ku Lilongwe konkuno, koma ambiri mwa ana awa sakufunika dokotala, akufunika pokhala pakati pa 2 koloko ndi 6 koloko.

Mmodzi wa anyamata a kandege aja anabwera kudzafunsa za foni yake. Wamtali, wowonda, mahedifoni ali m'khosi. Aphunzitsi anamuzindikira.

"Iwe, si unalemba Fomu 4?"

"Eya, sala. Ndinakhoza."

"Ndiye ukutani?"

"Ndikudikira."

"Ukudikira chiyani?"

Mnyamatayo anaseka pang'ono, kuseka kosakondwa. Anati dzina lake silinatuluke ku yunivesite, ndalama ya koleji yolipira palibe, ganyu ya zomangamanga imapezeka mwa apo ndi apo. Anati anayesapo kusiya. Anagulitsa foni yake kuti mtima ukhale pansi, koma sabata isanathe anali akubwereka ya mlongo wake usiku, kenako anagulanso ina yosweka galasi.

"Sala, musaone ngati timasangalala. Nthawi zina ndimakhala ndikukankha, maso akuwawa, palibe chomwe ndikuona, koma kusiya kukukanika. Ndikaiika pansi ndimayamba kuganiza. Anzanga amene tinali limodzi akuika zithunzi ali ku MUBAS, ena ali ku Joni avala bwino. Ndikaziona mtima umawawa, ndikapanda kuziona umawawabe. Ndiye bola ndizikankha."

"Ukanakhala ndi kopita m'mawa uliwonse, ukanaisiya?"

"Kusiyiratu ayi, kunama n'kulakwa. Koma mwezi umene ndinagwira ganyu yoponya njerwa ku Chigwirizano, 8 koloko ndimakhala nditagona. Bandulo inapsa yokha ndisanaimalize."

Aphunzitsi anafunsa ngati angabwere Loweruka kudzathandiza ana a Sitandade 8 masamu pakhonde pawo, ati ndalama palibe koma tiyi alipo. Mnyamatayo anati aona. Sanalonjeze, ndipo aphunzitsi sanamukakamize. Wotchajitsa anamupatsa foni yake ili pa 35 peresenti, iye n'kuiyatsa asanalipire n'komwe. Anaiyang'ana, anakwinya nkhope, kenako anayang'ana mmodzimmodzi wa ife amene tinali pabenchi, mpaka maso ake anaima pa ine.

"Ankolo, muli ndi bandulo? Tandiyatsireniko hotspot, mphindi ziwiri zokha. Pali uthenga wofunika."

Ndinamufunsa kuti wochokera kwa ndani.

"Sindinauone, ankolo. N'chifukwa chake ndikufuna ndiyatse."